Musazule achemwali, sanafe amenewo

Achemwali, mwatumiza chithunzi cha duwa lanu loyanga lija lotchedwa flame lily litauma, mukuganiza kuti lafa. Chonde musazule, flame lily wanuyo sanafe ayi. Amatero ndithu. Mvula ikangosiya masamba amachita chikasu n'kuuma, koma pansipo pali kachinangwa kake kamene kamangogona kudikira mvula yoyamba. Ine nditawona chithunzi chanucho mtima wandipwetekanso.

Anga ndinakumba mu 2021 m'mbali mwa munda wa tiyi konkuno ku Thyolo, tizinangwa tisanu tokhala ngati zala ziwiri zotambasula. Ndinadzala pakamtumbira m'mbali mwa mpanda wansungwi, dothi ndinasakaniza ndi mchenga wakumtsinje. Madzi sindinathirepo ngakhale kapu imodzi, inu mukudziwa mmene timavutikira pamjigo mu Okutobala. Disembala atafika, maluwa ofiira a m'mphepete mwachikasu, opindikira m'mbuyo ngati malawi a moto, nsonga za masamba zikugwira nsungwi zokha n'kumakwera. Ngakhale namondwe Freddy mu Malichi 2023 sanawaphe, madzi ankangodutsa m'munsi mwa mtumbira.

Ndiye Seputembala chaka chomwecho ndinapita kumaliro ku Luchenza, masiku anayi okha. Pobwera ndinapeza alamu anga alima ponsepo, akuti akufuna nazale ya mpiru. Tizinangwa tija atidula pakati ndi khasu, tili padzuwa, tafota. Choopsa n'chakuti mwana wanga wazaka zitatu anali atagwira kachidutswa m'manja, akuyesa mbatata. Miyendo inanjenjemera. Chimenechi ndi poizoni weniweni, chomera chonsecho, makamaka kachinangwako, munthu atadya atha kufa. Ndinamulanda, kumutsegula kukamwa, kumusambitsa m'manja ndi sopo kawiri uku ndikulira. Mwamwayi anali asanalume.

Alamuwo angoti, “Anali maudzu ouma mlamu, maluwa sadyedwa.” Pakhomo panga! Osafunsa, osapepesa, ndipo mpiruwo sanauthirire n'komwe, unauma wonse sabata yachiwiri. Abambo akunyumba nawo akuti ndisakulitse nkhani. Mwa zisanu zija chinaphuka chimodzi chokha, chimene khasu linaphonya chifukwa chinali pansi penipeni pa mpanda.

Ndiye inu zikani kamtengo pamalopo, muzungulize miyala, aliyense pakhomo adziwe kuti pali chinthu. M'chilimwe musathire madzi, ngakhale otsukira mbale, kachinangwako kamaola. Chiperoni cha mu Juni chija n'chokwanira. Musamakumbekumbenso kufuna kuwona ngati kali moyo, kamathyoka msanga, ndipo diso lophukira lili kunsonga kokha, likachoka basi. Ngakhale ine wanga wotsalayo ndimamukumba masamba akauma, ndimasunga mu mchenga wouma m'chitini pamwamba pa kabati, chifukwa anthu sindiwakhulupiriranso. Ndipo musakakumbe ena kutchire, akutha, pemphani kwa amene ali nawo kale. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena mbuzi, dzalani kuseli kumene safikako.