Ndikumaliza PhD ya malamulo a pakati pa mayiko, ndipite ku postdoc kapena ndibwerere kumudzi?

Funso la lero labwera pa imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akumaliza udokotala wa zamalamulo ku South Africa. Mwachidule akuti: "Thesis yanga ndi ya malamulo a pakati pa mayiko, ndikupereka chaka chino. Kumudzi ndimaphunzitsa pa yunivesite ndipo malo anga akundidikira, ndilinso ndi ana awiri. Sapavaiza wanga akuti ndifunsire postdoc ku Ulaya. Kodi imeneyi ndi ntchito yeniyeni? Ndisiye yakumudziyo?"

Achemwali, funsirani, koma kalata yosiya ntchito musalembe ayi. Postdoc si ntchito yoti mungakalambe nayo, ndi kontirakiti ya kafukufuku ya munthu amene wamaliza PhD, ya chaka chimodzi, ziwiri, ikatalika zitatu, ikatha basi yatha, palibe amene amakulonjezani za mawa. Phindu lake ndi nthawi. Munthu wophunzitsa kwathu kuno amadziwa mmene zimakhalira, kalasi yodzaza, mapepala ochonga mulu, misonkhano ya dipatimenti, maliro, kenako chaka chatha thesis ija ikadali pa shelufu. Zaka ziwiri zopanda zonsezi ndi zokwanira kusandutsa thesis kukhala buku ndi kutulutsa nkhani ziwiri zitatu m'ma journal amene anthu amawerengadi, monga Leiden Journal of International Law, European Journal of International Law, Journal of African Law kapena African Human Rights Law Journal ya ku Pretoria. Mukabwerako mulibe zimenezi ndiye kuti mwangopita kukaona chipale chofewa.

Tsono ma postdoc alipo mitundu iwiri ndipo anthu ambiri amaisokoneza. Wina ndi woti pulofesa wapeza ndalama za pulojekiti yake, mwachitsanzo kuchokera ku European Research Council, ndiye akufuna munthu womuthandiza. Umenewo ndi ganyu m'munda mwa eni, malipiro mulandira ndithu ndipo muphunzira zambiri, koma mbewu asankha ndi iwo, ndipo mukapanda kufunsa poyambirira mutha kupeza kuti theka la nthawi yanu likuthera kukonza misonkhano ndi kusintha ma footnote a buku la bwana. Musanasaine funsani mosabisa: ndi masiku angati pa sabata amene ndi anga, nanga zimene ndilembe dzina loyamba likhala la ndani? Si mwano, ndipo pulofesa wabwino sakhumudwa nalo funso limeneli.

Mtundu wachiwiri ndi fellowship imene mumalemba pulopozo yanuyanu, ndalama n'kubwera m'dzina lanu. Apa ndi pamene ine ndingakukankhireni. Yodziwika kwambiri ndi Marie Skłodowska-Curie ya European Union, ya miyezi 12 mpaka 24, ndipo imalandira munthu wa dziko lililonse, Mmalawi nayenso. Imatseka cha mu September, ndipo pofika tsiku limenelo udokotala ukhale utavomerezedwa kale, ndiye werengani bwino miyezi yanu. Pali lamulo lina loti musakhale kuti munakhalapo m'dziko limene mukufuna kupitalo kupitirira miyezi 12 pa zaka zitatu zapitazi, inu poti muli ku South Africa limeneli silikukhudzani. Gawo lalikulu la pulopozo ndi masamba 10 okha, ndipo pochonga 50 peresenti imapita ku ubwino wa kafukufukuyo, 30 ku phindu lake, 20 ku dongosolo la kagwiridwe ka ntchito. Maloya athu ambiri amathera masamba onse kukambirana za chiphunzitso, n'kuiwala kulemba kuti mwezi wachisanu adzakhala akuchita chiyani, ndipo ndi pomwepo pamene mamalikisi amatayikira. Mpikisano wake ndi woopsa, mwa anthu 10 ofunsira opambana safika awiri, ndiye musadalire imeneyi yokha.

Ku Germany kuli Alexander von Humboldt Foundation, ndipo ali ndi ina yotchedwa Georg Forster imene anaikonzera anthu ochokera m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, bola pasanathe zaka 4 chimalizireni PhD. Imeneyi anthu akwathu saidziwa kwenikweni, koma ndi imene ikukuyenerani kwambiri chifukwa amayembekeza kuti mudzabwerera kwanu. Ku Florence kuli Max Weber Programme ya European University Institute. Ndipo musaderere South Africa komwe muliko, Centre for Human Rights ya ku Pretoria ilipo kuyambira 1986 ndipo pa nkhani za ufulu wa anthu mu Africa ambiri a ku Ulaya amabwera kudzaphunzira kumeneko. Kungoti dziwani kuti kumeneko postdoc satengedwa ngati wolembedwa ntchito, amalandira ndalama yothandizira basi, penshoni palibe.

Marie Curie ndi Humboldt zonse zimafuna kuti mupeze kaye pulofesa wokulandirani, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa asanayambe n'komwe. Imelo yoti "ndimakonda ntchito yanu, chonde mundilandire" amalandira zambirimbiri ku Max Planck Institute ya ku Heidelberg kapena ku Lauterpacht Centre ya ku Cambridge. Lembani ndime zitatu: funso lanu ndi ili, nkhani yanu yakuti ndinaiwerenga ndipo apa ndikugwirizana nanu koma apa ayi, ndalama ndikufunsira kwakuti ndipo akutseka tsiku lakuti. Phatikizanipo tsamba limodzi la pulopozo ndi CV. Tumizani miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kusanatsekedwe, osati sabata yomaliza.

Chimene chimandipweteka mtima ine ndi mutu wa kafukufuku. Anthu athu akafuna kupita ku Ulaya amasiya zimene akuzidziwa n'kuyamba kulemba zimene akuganiza kuti azungu akufuna kumva, mapeto ake akupikisana ndi anthu mazana amene anakulira momwemo. Chonsecho mafunso akuluakulu ali pakhomo pompano. Tengani nkhani ya malire athu ndi Tanzania pa nyanja ya Malawi. Malawi amaima pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, lija la Heligoland, limene limati malire akutsata gombe la kum'mawa, la kumpoto ndi la kumadzulo kwa nyanjayo mpaka pamene mtsinje wa Songwe umathirira, kuphatikiza mfundo ya OAU (bungwe la mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo) ya ku Cairo mu 1964 yoti malire amene tinawapeza polandira ufulu asasinthidwe. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Umkhalapakati wa a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, unayamba nkhaniyi itabukanso mu 2012 koma sunafike pothetsa. Makalata a boma la atsamunda la Germany ali ku Berlin, a Britain ali ku Kew ku London, ndiye munthu wofuna kulemba za nyanjayi ali ndi chifukwa chomveka chofunira zaka ziwiri ku Germany, ndipo ochonga pulopozo amachiona chifukwa choterocho msanga.

Si nyanja yokha. Khoti lalikulu la United Nations la ICJ ku The Hague linapereka maganizo ake pa udindo wa mayiko pa kusintha kwa nyengo mu July 2025, nkhani imene inatsogoleredwa ndi kadziko kakang'ono ka Vanuatu, ndipo ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe tili ndi zonena pa nkhani ya chipukuta misozi zimene wa pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands sangazinene. Malawi ndi limodzi mwa mayiko ochepa amene amalola nzika zake kukasuma mwachindunji ku khoti la African Court ku Arusha, kuyambira 2008, ndipo a Tujilane Chizumila akhalapo woweruza kumeneko. Palinso AfCFTA, mgwirizano wa malonda pakati pa mayiko a mu Africa, imene malonda ake anatsegulidwa pa 1 January 2021, kwa dziko lopanda doko ngati lathu mafunso a Beira ndi Nacala ndi a malamulo a pakati pa mayiko enienitu.

Za ana. Marie Curie ndi Humboldt onse amawonjezera kangachepe ka banja, koma lendi ku Heidelberg kapena ku Florence si yamasewera, ndipo visa ya ana imatenga nthawi, yambani kufunsa mukangolandira kalata. Ena amasiya ana kwa agogo chaka choyamba, ena sangathe, pamenepo ine sindingakusankhireni.

Koma postdoc imodzi ndi yokwanira. Ku Ulaya kuli anthu anzeru kwambiri amene ali pa kontirakiti yachitatu, zaka zikupita, akusamuka mzinda ndi mzinda kudikira malo okhazikika amene ndi ochepa zedi, pamene inu malo otero muli nawo kale m'manja. Ndiye musanalembere pulofesa aliyense, pitani kaye kwa a dean anu mukafunse za tchuthi chosalipidwa komanso za bond ngati munasaina popita ku PhD, chifukwa mayunivesite ambiri amafuna mubwere mudzagwire kaye zaka zingapo. Akakana chaka chino, malire a Georg Forster ndi zaka 4 ndipo a Marie Curie ndi zaka 8, mutha kubwerera, kuphunzitsa zaka ziwiri, kutulutsa nkhani imodzi kuchokera mu thesis, n'kufunsira muli ndi CV yamphamvu kuposa ya lero.