Ngongole zopanda chiwongoladzanja za mavenda a ku Philippines: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi msungichuma wa gulu la amayi kumpingo kwawo. Akuti anaona kanema pa Facebook wosonyeza anthu osauka ogulitsa malonda m'misewu ya ku Philippines akulandira tingongole topanda chiwongoladzanja kuti ayambire geni. Funso lawo n'lakuti: "Kodi zimenezi n'zoona? Nanga wokongozayo sagwa nazo?" Gulu lawo likuganiza zoyambitsa zoterezi kwa amayi a mandasi ndi tomato m'dera lawo.

Mayi, zikomo polemba. N'zoona ndithu, ngongole zotere zilipo. Koma kuti muone kulemera kwake, muyambe mwamudziwa katapila wa kumeneko.

Iwo amamutcha 5-6, ndipo dzinalo likunena zonse: ukatenga 5 ubweza 6. Ambiri mwa okongoza amenewa ndi amwenye, makamaka ochokera ku Punjab, amene anthu amangowatcha Bumbay, ngakhale kuti eni dziko nawonso amachita katapila yemweyu. Amayenda pa njinga yamoto, kabuku m'thumba, kudutsa pabenchi lililonse tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze mayi wa ku Quiapo mumzinda wa Manila amene amagulitsa banana cue, nthochi zokazinga mu shuga n'kuzibaya pakamtengo. Wakongola mapeso 5,000 oti aodere nthochi, shuga ndi mafuta. Abweza 6,000, ndipo ngati agwirizana masiku 40, madzulo aliwonse azipereka 150. Mvula igwe, makasitomala asabwere, njinga ija ifikabe. Akamaliza kubweza amapeza kuti m'manja mulibe kanthu koodera, ndiye amakongolanso mawa lake lomwelo. Pakutha pa chaka chiwongoladzanja chokha chimaposa mpamba umene anayamba nawo.

Chimodzimodzi bambo wa taho, amene amadzuka kusanache n'kusenza zidebe ziwiri pamtengo wapaphewa, china cha phala lofewa la soya, china cha madzi a shuga ndi timibulu ta sago, akufuula "Tahooo!" m'makwalala. Mpamba wake ndi wochepa zedi. Munthu wotereyu ukamuchotsera ka 1 kapamwamba pa 5 aliyense, wamubwezera ndiwo za ana ake. Apa sindikayika ngakhale pang'ono.

Tsono ndani amakongoza popanda phindu? Boma la Philippines, kudzera mu unduna wosamalira anthu wa DSWD, linali ndi pulogalamu ya SEA-K imene inkapereka mpamba kwa magulu a anthu osauka popanda chiwongoladzanja komanso popanda chikole. Mu 2011 ntchito imeneyi inalowa mu pulogalamu ina ya undunawu yotchedwa Sustainable Livelihood Program. Mu 2020, corona atatseka misika, bungwe la boma la Small Business Corporation linapereka ngongole za CARES zopanda chiwongoladzanja, ngakhale kuti panali kandalama kolipirira ntchito. Ndiye pali mipingo ndi anthu akufuna kwabwino amene amapereka ndalama zawo kuti zizizungulira.

Koma musamale ndi zimene mumaona pa intaneti, mayi. Pali ngongole zambiri zimene zimamveka ngati zaulere pamene si choncho. Bungwe la pa intaneti la Kiva, limene linayamba mu 2005 ku San Francisco, limalola munthu kukongoza madola 25 osayembekezera phindu, koma mabungwe ambiri amene amafikitsa ndalamazo kumudzi amalipiritsa chiwongoladzanja kuti alipire antchito awo. Pulogalamu ya P3, imene boma la Pulezidenti Rodrigo Duterte linakhazikitsa mu 2017 ndi mapeso 1 biliyoni pofuna kugwetsa 5-6, nayonso si yaulere: inaika malire a 2.5 peresenti pamwezi. Ndipo mabungwe akuluakulu okongoza osauka ngati CARD, imene inayamba mu 1986 ku San Pablo m'chigawo cha Laguna, kapena Negros Women for Tomorrow Foundation ya ku Bacolod, anakula chifukwa amalipiritsa kenakake.

Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachiwiri. Ngongole yopanda chiwongoladzanja imakhala ndi womulipira, kungoti si wokongolayo. Mafuta a njinga, mabuku, nthawi ya wotolera, ndalama za amene walephera kubweza, kukwera mitengo kwa zinthu komwe kumachepetsa mphamvu ya thumba chaka ndi chaka: zonsezi wina amazisenza, kaya ndi okhoma msonkho, kaya ndi mpingo, kaya ndi inu amene mudzayende wapansi osalandira kalikonse. Gulu limene silinakhale pansi n'kugwirizana kuti adzasenza ndani, thumba lake limaphwa mwakachetechete.

Pali nkhani ina imene inandikhudza kwambiri, ndipo ndikufuna muiwerenge pang'onopang'ono. Akatswiri a zachuma atatu, Dean Karlan, Sendhil Mullainathan ndi Benjamin Roth, anafalitsa mu 2019 zotsatira za kafukufuku amene anachitika pakati pa mavenda a ku Cagayan de Oro ku Philippines komanso ku Chennai ku India. Anawalipirira mavendawo ngongole zawo zonse za katapila, mwaulere, kuti ayambe ndi buku loyera. Pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ambiri anali atabwereranso m'ngongole. Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ankakongola mofanana ndi anzawo amene sanathandizidwe.

Wina angafulumire kunena kuti osauka sadziwa kusamala ndalama. Ine sindivomereza. Taganizirani moyo wa munthu wapamsewu m'dziko limene anamondwe pafupifupi 20 amalowa m'dera lake chaka chilichonse. Mu November 2013, namondwe wa Haiyan, amene iwo amamutcha Yolanda, anasesa mzinda wa Tacloban n'kupha anthu oposa 6,000 m'dzikomo. Mu July 2019, meya wa Manila, Isko Moreno, anachotsa mavenda m'misewu ya ku Divisoria, ndipo anthu amene anagulitsa pamalo amodzi kwa zaka anapezeka alibe poyala katundu. Onjezanipo mwana kudwala usiku, maliro, fizi. Mphika wa pakhomo ndi mphika wa geni ndi umodzi, ndiye vuto likagwa, choyamba kudyeka ndi mpamba. Ndipo m'mawa mwake amene amafika pabenchi, osafunsa chiphaso, osafuna fomu, osati "mubwere Lachinayi komiti ikakumana", ndi wa njinga yamoto uja. Mphamvu ya 5-6 ili pamenepo: ndi wodula, koma amapezeka.

Choncho ngati gulu lanu liyamba, maganizo anga ndi akuti mutengere katapila mayendedwe ake n'kumusiyira dyera lake. Muzitolera pang'onopang'ono koma pafupipafupi, pamalo pomwe mayiyo akugulitsira, chifukwa wa mandasi amagwira ndalama tsiku lililonse ndipo kusunga yochuluka kudikira kutha kwa mwezi n'kovuta pakhomo pamene pali njala. Ngongole yoyamba ikhale yongokwana kuoda katundu, ndipo amene wabweza bwino apeze ina msanga, asadikire mwezi wathunthu.

Chimene ndingakuchondelereni koposa n'chakuti pambali pa thumba la ngongole mukhale kathumba kena ka mavuto ogwa mwadzidzidzi, ndipo aliyense wobweza aziponyamo kangachepe kake komwe kadzakhale kake. Afilipino ali ndi paluwagan, amene ndi chipereganyu chathu chomwechi, ndipo amayi anu a banki m'khonde amadziwa kale kusonkha kumeneku. Mwana akadwala, mayi atape mmenemo, nthochi ndi ufa zisakhudzidwe.

Musanapereke kwacha yoyamba, khalani pansi ndi amayi asanu mwa amene mukufuna kuwathandiza. Afunseni amene akuwakongoza panopa, amabweza zingati patsiku, ndiponso chinachitika n'chiyani ulendo womaliza umene mpamba wawo unatha. Mukamva zimene akuuzeni, mundilemberenso, tidzawerengere limodzi kukula kwa mathumba awiriwo.