Za kufufuza zitsulo m'madzi a Chivero nyengo yozizira

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kulowa m'madzi a Lake Chivero, nyanja ya pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, mwezi wa June ndi makina ofufuzira zitsulo, komanso mtundu wa makina oti mugule. Ndiyamba ndi makinawo chifukwa ndi amene anandionetsa zakuda.

Musanatulutse ndalama, funsitsani ngati makina onse ndi osalowa madzi, kapena ndi kambale ka pansi kokha kamene ogulitsa amati coil. Anga ndinawagula m'sitolo ina m'tauni pa madola pafupifupi 150, wogulitsa atangoti ndi a m'madzi. M'mawa wina wa July ndinatitimira m'matope mpaka m'mawondo, ndipo podzandira kabokosi ka mabatani kanamira kanthawi kochepa chabe, koma kuyambira tsiku limenelo sikanalirenso. Zala zinali zitauma ndi chisanu moti ngakhale kutsegula pamene pamakhala mabatire ndinalephera.

Nokta Simplex ndi Garrett AT Pro amapirira madzi akuya mamita 3. Oyambawo ndi a madola pafupifupi 300, achiwiriwo amapitirira 500, musanaonjezepo msonkho ndi zotumizira. Madzi a kuno alibe mchere, choncho musawononge ndalama pa makina opangidwira nyanja zamchere. Mabatire amatha msanga kukazizira, ndiye ena muziwasunga m'thumba la mkati mwa jekete.

Pali ena amene amati ng'ona zimagona nyengo yozizira, koma ndikukayika ngati anafikako ku Chivero. Zimatuluka kudzaothera dzuwa m'mphepete momwemo mukufuna kuimamo, ndipo namasupuni amaziphimba moti simungazione. Madziwonso ndi oipa, popeza zonyansa za mu Harare zimafika kumeneko kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, ndipo mu December 2024 zipembere 4 zinafa zitamwa madzi a ndere zapoizoni. Za likodzo sindikunenanso.

Malowo amayang'aniridwa ndi a ZimParks, bungwe la boma loona za nyama zakutchire, choncho kafunseni chilolezo ku ofesi yawo musanakumbe paliponse, chifukwa munthu wonyamula makina oterewa m'dziko muno amaganiziridwa msanga kuti ndi wofufuza golide. Akakulolani, pitani masana dzuwa litakwera, musapitirire m'mawondo, valani magolovesi a neoprene (mtundu wa labala wosunga kutentha), ndipo mnzanu aime pamtunda maso ali pa madzi, osati pa foni.