Yankho: masamu oyezera kuopsa kwa mankhwala otsalira m'chakudya

Achimwene, mwafunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti mankhwala othira mu chimanga sativulaza pomwe sanapime aliyense wa ife. Ndi masamu ndithu. Amayamba ndi makoswe mu labu, kupeza mlingo waukulu womwe sunawadwalitse, kenako amagawa ndi 100, 10 poti munthu si khoswe, 10 inayo poti anthufe matupi timasiyana. Chotsalacho ndiye ADI, mlingo womwe ungamadye tsiku ndi tsiku moyo wako wonse osakuvulaza.

Tengani pirimiphos-methyl, yemwe ali mu Actellic uja timathira m'matumba. Akatswiri a FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, anaika ADI yake pa 0.03 mg pa kilo ya thupi, ndiye wa makilo 60 malire ake ndi 1.8 mg patsiku koma mwana wa makilo 15 ndi 0.45 mg basi, pomwe nsima amadya yambiri poyerekeza ndi kathupi kakeko.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'choti masamuwa amawerengera kuti mwatsatira lebulo. Mukathira kawiri poopa anankafumbwe, kapena kugula mankhwala a ufa opanda dzina pamsika, mukhoza kupitirira malire aja. Chonde yezani bwino, ndipo dikirani masiku olembedwa pa lebulopo musanapite kuchigayo.