Funsani Malume: Kodi filimu yachikhristu iyenera kutha munthu atagwada?

Malume, ndine mtsikana wa zaka 23 ndipo ndimatsogolera gulu la masewero la achinyamata ku mpingo wathu. Tasonkha kandalama, mnzathu wina ali ndi kamera, ndiye tikufuna kujambula filimu yathu yoyamba. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene anapita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba, bwana wake, yemwe ndi mkulu wa mpingo, n'kumupatsa mimba. Akuluakulu ataona zomwe talemba atikaniza. Akuti filimu yachikhristu singaonetse mkulu wa mpingo akuchita zotere, ndipo iyenera kutha mtsikanayo atagwada kulandira Yesu. Ena akungoti mafilimu ndi zadziko. Kodi tasochera?

Mtsikana wa ku Zomba

Mwananga, simunasochere, koma khala pansi tikambirane bwino, chifukwa akuluakuluwo sanayankhule zopusa zokhazokha.

Ndiyambe ndi amene akuti mafilimu ndi zadziko. Ine kanema woyamba kumuona m'moyo wanga anabwera ndi anthu a Mulungu. Anafika kumudzi ndi galimoto, jenereta ndi pulojekita, n'kumangirira chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri ya mango. Kutada tinaona Yesu akuyankhula Chichewa. Pamene asilikali ankamukhomera pamtanda amayi anayamba kulira ngati pamaliro, ndipo mkulu wina anatola mwala kuti agende msilikali wa pachinsalupo, mpaka anthu anachita kumugwira dzanja. Ndinadziwa nditakula kuti filimu imeneyi inatuluka mu 1979, inajambulidwa ku Israel motsatira Uthenga wa Luka, ndipo inapangidwa mothandizidwa ndi bungwe la Campus Crusade for Christ. Amene anasewera ngati Yesu ndi Mngelezi wotchedwa Brian Deacon. Lero yamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 2,000. Ngati kamera ndi ya Satana, ndiye kuti alaliki akhala akubwereka chida cha Satana kwa zaka zoposa makumi anayi. Mfundo imeneyo tiisiye pomwepo.

Nkhani ya mkulu wa mpingo ndiyo yolemera. Zomwe akuluakulu ako akunena si zachilendo, zinakhalapo lamulo ndithu ku Hollywood, likulu la mafilimu ku America. Mu 1930 wansembe wachiJesuit, Daniel Lord, ndi mkonzi wa magazini ya zamafilimu, Martin Quigley, yemwe analinso Mkatolika, analemba malamulo a zoyenera ndi zosayenera kuonetsa. Anayamba kuwatsatira mwamphamvu mu 1934 ndipo anathetsedwa mu 1968. Limodzi mwa malamulowo linkati mtumiki wachipembedzo asamaonetsedwe ngati munthu woipa kapena wosekedwa. Kwa zaka zonsezo ansembe ndi abusa ambiri a pakanema anali oyera mbuu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2002 nyuzipepala ya Boston Globe inaulula kuti ansembe ambiri a ku Boston ankagwiririra ana ndipo akuluakulu awo ankangowasamutsira ku maparishi ena. Nkhaniyi inapangidwa filimu, Spotlight, ya mu 2015, imene inapambana mphoto ya Oscar ya filimu yabwino koposa. Nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inalemba kuti filimuyo si yodana ndi Chikatolika. Iwo amene anali ndi chifukwa chokwiyira sanakwiye. Chimene chinanyazitsa mpingo chinali kubisa kuja.

Ndiponso tsegula Baibulo lako. Amene analemba 1 Samueli 2 sanabise kuti Hofeni ndi Finehasi, ana a wansembe Eli, ankagona ndi akazi otumikira pakhomo la chihema chokumanako. Amene analemba 2 Samueli 11 sanabise kuti Davide anatenga Batiseba, namupatsa mimba, n'kuphetsa mwamuna wake Uriya kunkhondo. Akanakhala kuti komiti ya kwanuko inalipo nthawi imeneyo, mitu imeneyi ikanang'ambidwa. Ndiye taona mmene Natani anachitira m'mutu wotsatirawo. Sanafike ndi ulaliki. Anafika ndi nthano ya munthu wolemera amene analanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, ndipo Davide atapsa mtima n'kuweruza kuti munthu wotero ayenera kufa, Natani anangomuuza kuti munthuyo ndi iye mwini. Ntchito ya filimu ndi yomweyo. Woonera amaweruza munthu wa pachinsalu, kenako n'kuzindikira kuti wadziweruza yekha.

Apa ndi pamene ndikufuna kukudzudzula iweyo pang'ono. Sindinawerenge zomwe mwalemba, koma masewero a achinyamata ndawaona ambiri, ndipo bwana woipa amakhala woipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi: maso ofiira, mawu okalipa, kuseka kwa mfiti. Munthu wotero palibe amene amadziona mwa iye, ndiye palibe amene amalapa. Mkulu wanu wa mpingoyo akhale munthu amene amalipirira ana amasiye fizi, amene amapemphera moona mtima m'mawa, amene amalira yekha m'galimoto akadziwa zomwe wachita, komabe n'kumuthamangitsa mtsikanayo kuti ateteze mpando wake. Ameneyo ndiye adzasowetsa anthu tulo. Mkazi wakenso musamuiwale. Iye akudziwa chiyani, ndipo akukhala chete chifukwa chiyani?

Tsopano za kugwada pamapeto. Mathedwe amenewa tinawazolowera kwambiri kuchokera ku Nigeria. Living in Bondage, ya mu 1992, imene anthu amati ndiyo inayambitsa Nollywood, ntchito yopanga mafilimu ya ku Nigeria, ndi nkhani ya munthu amene anapereka mkazi wake nsembe kuti alemere, mzimu wa mkaziyo n'kumuzunza mpaka kupenga, ndipo pamapeto akumasulidwa ndi mapemphero. Nthawi imeneyo zinagwedeza anthu. Koma taona mafilimu angati kuchokera apo amene amayenda njira yomweyo? Ngakhale mwana wa m'chinyumba cha vidiyo sho amadziwa kuti abusa akangotulukira ndi Baibulo, filimu yatha, tiyeni tizipita.

Ku America kuli abale awiri, Alex ndi Stephen Kendrick, amene anayamba ngati inuyo, mu mpingo wa Sherwood Baptist mumzinda wa Albany ku Georgia. Facing the Giants, ya mu 2006, anaijambula ndi madola pafupifupi 100,000, osewera ake ambiri anali anthu a mumpingo momwemo, ndipo inabweza madola pafupifupi 10 miliyoni. Ndimawalemekeza, ndipo auze akuluakulu ako kuti mpingo ukhoza kuima pambuyo pa achinyamata ake motero. Koma filimuyo ili ndi chinthu chimene chimandivuta. Mphunzitsi wa mpira atapemphera, timu yake ikupambana chikho, anthu akumugulira galimoto yatsopano, mkazi wake amene sankabereka akuima. Zonse. Ine ndinaganiza za mlongo wanga amene anapemphera zaka zambiri, kusala kudya ndi kupita kumapiri, koma anamwalira wopanda mwana, ali Mkhristu wolimba kuposa ine. Filimu yotere ikumuuza chiyani munthu ngati iyeyo? Kuti sanapemphere mokwanira?

Yesu mwini wake sankatseka nkhani zake mwa njira imeneyo nthawi zonse. Werenga Luka 15 mpaka pa vesi yomaliza. Mwana wolowerera wabwerera, mwana wang'ombe wonenepa waphedwa, ng'oma zikulira, koma mkulu wake waima panja atakwiya, bambo akumupempha kuti alowe. Kodi analowa? Yesu sananene. Anasiya funsolo m'manja mwa Afarisi amene ankamvetsera, chifukwa oima panjawo anali iwowo. Komanso tayang'ana bwino zimene akuluakulu akupempha: m'nkhani yanu wolakwiridwa ndi mtsikana, koma ndi yemweyo amene akufuna kuti agwade. Nanga bwanayo? Ngati pali woyenera kugwada, muyambire pamenepo. Mtsikanayo akhoza kukhala wopemphera kuyambira pachiyambi, ndipo funso la filimu likhale lakuti, kodi chikhulupiriro chake chipirira zimene munthu wa Mulungu wamuchita?

Usakalimbane nawo akuluakulu pamsonkhano, kumeneko udzaluza. Pita kwa abusa ndi mayi mmodzi wachikulire amene amakumvetsa, muwerenge nawo 2 Samueli 12, kenako muwapemphe kuti akuthandizeni kulemba gawo la mkulu wina wa mpingo amene akukana kubisa nkhaniyo. Anthu otero alipo m'mipingo yathu ndipo akuyenera kuonekanso. Musagwiritse ntchito dzina la mpingo weniweni kapena yunifolomu ya amayi a mpingo uliwonse, ndipo ngati nkhaniyi inachitikadi kwanuko, isintheni kwambiri kuti mtsikana mwiniwakeyo asalozedwe chala pamsika. Mudzawafuna akuluakuluwo. Ndi amene ali ndi makiyi a tchalitchi, ndipo ndi amayi omwewo amene adzakuphikireni nsima masiku ojambula.

Chomaliza ndi cha ntchito yeniyeniyo. Yambani ndi filimu ya mphindi 15, osati ya maola awiri. Ndalama zanu zoyamba zipite ku mayikolofoni yabwino. Anthu amapirira chithunzi cha mdima pang'ono, koma mawu akamamira m'phokoso la chigayo, tambala ndi njinga za kabaza, amazimitsa foni ngakhale uthenga utakoma bwanji.

Malume, ndimaphunzitsa Sande sukulu. Pa Isitala ndikufuna kuonetsa ana The Passion of the Christ kuti amvetse zimene Ambuye anapirira. Mukuti bwanji?

Bambo wa ku Mchinji

Ayi achimwene, musatero. Mel Gibson anaipanga filimu imeneyi mu 2004 ndi ndalama zake, pafupifupi madola 30 miliyoni, ndipo inabweza oposa 600 miliyoni, koma sanapangire ana. Ku America inaikidwa m'gulu la R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 ayenera kukhala ndi kholo, ndipo ku Britain ndi ya oyambira zaka 18. Gawo la kukwapulidwa ndi lalitali ndipo likuonetsa mnofu ukung'ambika, pamene olemba Uthenga Wabwino anangotchula kukwapulidwako m'mawu ochepa n'kupitirira. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri adzangotengapo maloto oipa. Komanso osewera akuyankhula Chiaramu ndi Chilatini, ndiye ana anuwo azidzawerenga bwanji mawu a m'munsi? Afunireni ija ya mu 1979 ya m'Chichewa, ndipo muwauziretu kuti bambo wa ndevuyo ndi wosewera chabe wa ku England, chifukwa agogo anga anamwalira akukhulupirira kuti anamuona Yesu ndi maso pansi pa mango aja.