Mlandu wa bankruptcy anauthetsa chifukwa simunaonekere: kodi mungaulowetsenso?

Bambo, mwalemba kuti mumakhala ku South Bend, Indiana, ku America, ndipo munalowetsa mlandu wa bankruptcy (wopempha khoti kuti likutetezeni ngongole zikakukulirani) wa mtundu wa Chapter 13, umene munthu amabweza ngongole pang'onopang'ono motsatira pulani yovomerezedwa ndi khoti, kuti galimoto yanu ya ngongole asailande. Tsiku lokumana ndi trustee, munthu woikidwa kuyang'anira mlanduwo ndi kulandira malipiro anu a ngongole, linakupezani muli kumudzi pa maliro a mayi anu, kalata yokuitanani mphwanu anangoiponya m'kabati, ndipo pobwera munapeza khoti lathetsa mlanduwo. Mukufunsa ngati mungayambirenso.

Mungathe, koma yambani mwawerenga chigamulo chothetsa mlanducho mzere uliwonse. Ndime 109(g) ya lamulo la bankruptcy la ku America imaletsa munthu kulowetsanso mlandu kwa masiku 180 ngati woyambawo unathetsedwa chifukwa analephera dala kumvera khoti kapena kukaonekera. Ine sindingati kupita kumaliro a mayi ndi dala, komabe woona zimenezo ndi jaji. Ngati chigamulocho sichikutchula chiletso chilichonse, kawirikawiri njira imakhala yotseguka.

Pamene ndaona anthu ambiri akugwera m'mbuna ndi pena. Mukalowetsa mlandu koyamba, lamulo limakuphimbani ndi chitetezo chotchedwa automatic stay: eni ngongole sangalande galimoto, sangadule malipiro anu kuntchito, sangagulitse nyumba. Anthu amaganiza kuti akalowetsa kachiwiri chitetezocho chibweranso chimodzimodzi. Ayi. Malinga ndi ndime 362(c)(3), ngati mlandu wanu wina unathetsedwa m'chaka chimodzi chapitachi, chitetezocho chimatha chokha pa tsiku la 30, pokhapokha jaji atachiwonjezera. Ndipo kungopereka pempho loti achiwonjezere sikokwanira. Jaji ayenera kulimva ndi kumaliza kulimva masiku 30 asanakwane. Eni ngongole ayenera kudziwitsidwa kaye, khoti lililonse lili ndi malamulo ake a masiku a chidziwitso, komanso jaji sakhala tsiku lililonse. Ndaonapo mapempho abwinobwino akuperekedwa kutatsala masiku ochepa, tsiku lomvera n'kugwera kunja kwa malire, jaji n'kunena kuti manja ake ndi omangika. Makhoti amasiyana pa nkhani yoti ndi katundu uti amakhalabe wotetezedwa zikatero, koma musaike galimoto yopitira kuntchito pa mkangano wa majaji. Pempho limenelo lilowe tsiku lomwelo limene mukulowetsa mlandu.

M'pempholo muyenera kusonyeza kuti mwabweranso ndi mtima woona, osati kudzangozengereza ngongole. Ngati palibe chimene chasintha pa moyo ndi chuma chanu chithereni mlandu woyamba, lamulo limayamba lakukayikirani, ndipo umboni wochotsa chikayikocho uyenera kukhala wamphamvu. Tengani tikiti ya ndege, zidindo za m'pasipoti, satifiketi ya imfa ndi mapepala a malipiro osonyeza kuti mwayambiranso ntchito. Sindingalonjeze kuti jaji avomera, koma opanda mapepala amenewa mwayi ndi wochepa. Dziwaninso kuti ukathetsedwa wachiwiriwu m'chaka chomwecho, wachitatu mukaulowetsa m'chaka chomwechonso ulowa wopanda chitetezo chilichonse mpaka jaji atachilamula.

Mwati wa pakauntala kukhoti anakuuzani kuti "ingolowetsaninso". Zimandinyong'onya ndithu, chifukwa makalaliki a khoti saloledwa kupereka upangiri wa zamalamulo, ndiye theka la yankho lotere limapweteketsa anthu. Za mphwanuyo, munthu wamkulu saona envelopu ya khoti n'kuisunga masabata osaimba foni. Musamusiyirenso makalata.

Pali njira inanso: kupempha khoti lifafanize chigamulocho kuti mlandu wakale upitirire, ponena kuti munajomba pa chifukwa chomveka. Imafuna changu, ndipo majaji ena amavomera, ena ayi. Pakadali pano mulibe chitetezo, eni ngongole ya galimoto akhoza kuilanda ngakhale usiku uno, choncho onanani ndi loya wa bankruptcy wa m'dera lanu sabata ino kuti musankhe njira imodzi.

Mukasankha kulowetsanso, onani tsiku la satifiketi ya uphungu wa ngongole, umene munthu amayenera kulandira asanalowetse mlandu: ikapitirira masiku 180, muyenera kupanganso. Ndalama yolowetsera Chapter 13 ndi madola 313, mulipiranso, ngakhale mungapemphe kulipira pang'onopang'ono. Lembani adiresi imene mumalandira nokha makalata, ndipo mukasamuka dziwitsani khoti. Trustee alandire fomu yanu ya msonkho yaposachedwa masiku 7 msonkhano wokumana naye usanachitike. Misonkhano yambiri tsopano ikuchitikira pa Zoom, mutanyamula chiphaso cha chithunzi ndi umboni wa nambala ya Social Security. Malipiro a pulani amayamba pasanathe masiku 30 chilowetsereni mlandu, osadikira kuti jaji aivomereze kaye. Kukagwanso zovuta kumudzi, lemberani trustee kupempha tsiku lina musanakwere ndege, ndipo sungani yankho lake.