Abuluzi pa mulu wa kompositi, ndiwathamangitse kapena ndiwasiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene kupanga kompositi kuseri kwa nyumba. Akuti atapita kukatembenuza mulu wawo anangoona abuluzi atatu akutuluka chothawa, mkatimo anapezamo timazira toyera tisanu, mphutsi zonenepa komanso chule. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi kompositi yangayi yawonongeka? Ana anga amasewera chapafupi pompo ndipo ndikuopa njoka. Ndithirepo mankhwala?"

Mankhwala ayi amayi, chonde musathire. Kompositi yanuyo siinawonongeke olo pang'ono, ikanakhala yakufa palibe buluzi akanataya nthawi yake kubwerapo.

Nkhani yake ili chonchi. Zinyalala zikamawola, tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikudya zinthuzo timatulutsa kutentha, ndipo mulu wabwino wotalika pafupifupi mita imodzi mbali zonse umatha kufika madigiri 55 mpaka 65 pakati pake. Pamenepo palibe chamoyo chachikulu chingakhale, ngakhale nyongolotsi zimathawa kukangopitirira madigiri 35. Koma m'mbali ndi pamwamba kumangokhala kofunda bwinobwino, ndiye buluzi poti thupi lake silipanga lokha kutentha ngati ife, amadalira dzuwa kapena malo ofunda, akapeza malo oterewa amati ndafika. Onjezanipo kuti chakudya chili pompo, ntchentche, nyerere, mphemvu, chiswe, akangaude, zonse zongotola. Inuyo mukanachoka?

Za ululu musade nkhawa. Abuluzi amene kuluma kwawo kumavutitsadi munthu ndi ochepa kwambiri pa dziko lonse, monga Gila monster wa ku Mexico ndi kum'mwera chakumadzulo kwa United States. Timabuluzi ta m'dimba tikakuonani timangothawa, mukatigwira mchira timaudula n'kuusiya ukuphiriphitha m'manja mwanu. Chokhacho choti mudziwe n'chakuti zokwawa zambiri zimanyamula tizilombo ta Salmonella toyambitsa matenda otsegula m'mimba m'ndowe zake, ndiye ana akagwira buluzi kapena kusewera ndi manyowawo asambe m'manja ndi sopo asanadye. Basi.

Tsopano timazira tija, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ine ndinalakwitsapo. Chaka china ndinafika ndi khasu ndili ndi changu, kwapu pakati pa mulu, pokoka ndinangoona timazira tiwiri tatumbuka, m'kamodzi muli kabuluzi kathunthu, timiyendo ndi timaso tonse, kochepa ngati kachitsotso ka machesi. Zinandiwawa tsiku lonse, sindinama. Otsalawo ndinawatola ndi dzanja n'kuwaika pambali koma palibe linaswa, ndipo kenaka ndinadziwa chifukwa chake. Dzira la buluzi kapena la njoka si la nkhuku limene make amalitembenuza tsiku ndi tsiku. Pakangopita masiku ochepa chiikireni, kamwanako kamakhazikika mbali yakumwamba, ndiye mukaligubuduza kangathe kufera momwemo. Mukawapezanso, abwezereni mmene analili, mbali imene inali pamwamba ikhalebe pamwamba, mufotsere ndi zinyalala zonyowa pang'ono zomwezo n'kuzikapo kamtengo kuti musaiwale. Ambiri amaswa pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, kutengera mtundu wake ndi kufunda kwa malowo. Mbali imeneyo ya mulu ingodikirani, kompositi siithawa.

Mwina mukuti nanga ndidziwa bwanji kuti si a njoka? A timabuluzi amakhala ang'onoang'ono ngati chikhadabo, chikopa chake chofewa ngati kachikumba, a nalimata okha ndi amene amakhala olimba ndipo amaikira awiriawiri. A njoka nthawi zambiri amakhala okulirapo, ataliatali, ndipo kawirikawiri amamatirirana pamodzi. Zimachitika ndithu, ku Britain njoka yopanda ululu imene amaitcha grass snake imadziwika ndi kuikira mazira m'milu ya kompositi cha mu June ndi July chifukwa cha kufunda komweku. Mukakayikira musagwire, ana atalikire, itanani munthu wodziwa za njoka.

Mphutsi zoyera zonenepa zopindika zija ndi ana a tizikumbu, zambiri zimene mumazipeza m'kompositi zimadya zowola basi. Ngati simukuzifuna m'bedi la masamba, sefani manyowa pothira. Zina zotuwa zathyathyathya ndi za ntchentche yakuda ija ya black soldier fly, izo ndiye akatswiri, zimamaliza makoko mofulumira zedi ndipo ntchentche yake siluma. Chule musiyeni, usiku amakudyerani nkhono ndi tizilombo. Bongololo nayenso ndi wantchito. Amene amaluma ndi nankalizi ndi chinkhanira, n'chifukwa chake ine sindipisa dzanja lopanda golovesi.

Koma mantha anu enieni ndi njoka eti, ndiye tiyeni tinene zoona. Njoka zimene muyenera kuziopa sizibwera kwenikweni chifukwa cha mulu, zimatsatira makoswe, ndipo makoswe amatsatira zimene mukutayapo. Zotsala za chakudya chophika, nyama, minga ya nsomba, mafupa, mafuta, zamkaka, zonsezi ndi kalata yoitana khoswe. Zisiyeni kaye. Makoko a zipatso ndi zotsala za masamba muzizikwirira mkati n'kuphimba ndi masamba ouma, osangoti khuthu pamwamba n'kumapita. Mulu ukhale wonyowa ngati nsalu yofinya, chifukwa khoswe amakonda pouma poti amange chisa (mukaona nyerere zadzaza, dziwani kuti wauma, thirani madzi). Lambulani udzu mozungulira, chotsani malata akale, njerwa ndi nkhuni zimene zaunjikidwa pafupi, ndipo ngati mulu wagundana ndi khoma la nyumba kapena pamene ana amasewera, wotsatirawo mukauyambire chakutali. Achule ndi abuluzi nawonso amadyedwa ndi njoka zina, sindikubisirani, koma pamalo poyera pamene anthu amadutsadutsa njoka siikonda kukhazikika.

Potembenuza, valani jombo ndi magolovesi, muyambe mwamenyamenya m'mbali mwa mulu ndi ndodo n'kudikira kamphindi kuti eni nyumba atuluke. Kenaka muzichotsa pang'onopang'ono kuyambira pamwamba ndi foloko, osati kulasa pakati ngati mmene ndinachitira ine. Masana dzuwa litakwera ndi bwino kuposa m'mamawa kukuzizira, chifukwa kukamazizira buluzi amakhala wofooka, sangathawe msanga.

Timazira tisanu tija ngati simunatitaye, pitani mukatifotsere lero lomwe, ndipo mudzandilembere tikaswa.